Kwathu ku Lizulu, kumene msewu ndiwo malire

Anthu ambiri amadziwa Lizulu chifukwa cha kachewere. Basi yochokera ku Lilongwe ikaima, amayi amathamangira pa mazenera ndi mabeseni a kabichi, anyezi, karoti ndi tomato, apaulendo amanenerera mitengo, kenaka basi ija imanyamuka kulowera ku Ntcheu ndi ku Blantyre. Kwa iwo nkhani ya Lizulu yathera pomwepo. Ine ndinabadwira m'kamudzi kena pafupi ndi msika umenewu, ndipo zimandiwawa kuti dera limene linasunga likulu la ufumu wa Angoni, limene linaona nkhondo ndi maso, lizingodziwika ngati pogulira ndiwo zotchipa. Ndiye lero ndati ndilembeko za kwathu.

Mukachoka pa Dedza kulowera kummwera, msewu wa M1 umayenda pamwamba pa chitunda chachitali, ndipo m'malo ambiri msewuwo ndiwo malire a dziko. Kumanzere kwanu ndi Malawi, kumanja ndi Mozambique, boma la Angónia m'chigawo cha Tete. Palibe mpanda, palibe waya, palibe mtsinje woti muoloke. Mwana akatumidwa mchere patsidya pa msewu ndiye kuti wapita kunja kwa dziko, ndipo amabwerako nsima isanapse. Magalimoto mbali zonse amayenda kumanzere, wotchi imanena nthawi imodzi, ndipo chimene ife timatcha Chichewa anzathu amachitcha Chinyanja. Chokudziwitsani kuti mwaoloka ndi zolemba za Chipwitikizi pa makoma a sitolo, mbendera ya pasukulu, ndi foni imene nthawi zina imangogwira yokha netiweki ya ku Mozambique munthu ali khale pakhonde pake.

Chimene chinaika malire pamenepa ndi madzi. Chitunda chathuchi chili ngati denga la nyumba: mvula ikagwa pamwamba, ina imatsikira uku, ina uko. Madzi otsikira kummawa amagwera m'zigwembe zakuya, kulowa m'mitsinje monga Livulezi, mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Otsikira kumadzulo amayenda pang'onopang'ono m'madambo a Angónia, kukalowa mu Revúbuè, mtsinje umene umakakumana ndi Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Omanga msewu nawo anakonda pamwamba pomwepa chifukwa sipafuna milatho yambiri. N'chifukwa chake msewu ndi malire zimayendera limodzi.

Mbali ziwirizi sizifanana m'maonekedwe. Ku Malawi nthaka imathera msanga. Mukangoyenda pang'ono kummawa mwafika pa phedi, ndipo kukacha bwino mumaona chigwa cha Bwanje chili pansi, nyanja ikunyezimira patali. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti akudziwa mmene makutu amatsekekera, ndi mmene juzi imene unavala pamwamba imasandukira katundu ukafika pansi. Ku Mozambique dziko ndi lotambasuka, minda italiitali, mapiri apo ndi apo. Kwathu kumazizira zedi. Mu June ndi July nkhungu imakuta msewu mpaka madalaivala amayatsa nyali dzuwa litatuluka kale, ndipo ana opita kusukulu amabisa manja m'khwapa, milomo itang'ambika. Kuzizira komweku ndi kumene kumabereketsa kachewere, nsawawa, kabichi ndi mapichesi, zimene kuchigwa sizichita bwino.

Amene anasankha kuti chitunda chogawa madzi chikhale malire sanali a kuno. Mu January 1890 boma la Britain linaopseza dziko la Portugal kuti lichotse asilikali ake m'dera la Shire, ndipo pa 11 June 1891 maiko awiriwa anasainirana pangano ku Lisbon. Panganolo linati kumadzulo kwa Shire malire azitsata pogawikana madzi a Zambezi ndi a Shire, kenaka pogawikana madzi a Zambezi ndi a nyanja, mpaka kukafika pa latichudi ya 14 kummwera. Chaka chomwecho dziko lino linakhala pansi pa chitetezo cha Britain, Harry Johnston ali woyang'anira, ndipo dzina loti Nyasaland linadza mu 1907. Pa pepala mzere wotsata madzi umaoneka waukhondo. Koma unadutsa pakati penipeni pa ufumu umene unalipo kale, ndipo palibe anafunsa eni ake.

Eni akewo anali Angoni a Maseko, pamodzi ndi Achewa ndi Antumba amene Angoniwo anawapeza kuno nawagonjetsa. A Maseko anachoka kummwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo za Shaka, koma sanali m'gulu la Zwangendaba limene linaoloka Zambezi mu 1835. Iwo anayenda njira yawoyawo, anadutsa kuno, anakafika mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo atagonja kumeneko anabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe. Chikuse analamulira ali ku Domwe komweko mpaka imfa yake mu 1891. Domwe lero ali ku Mozambique. Tsono taganizani: mtima wa ufumu unagwera kwa Apwitikizi, anthu ake ambiri anagwera kwa Angerezi, m'chaka chomwe mfumu inamwalira ndipo ana a banja lachifumu anali kulimbirana mpando. Mkangano umenewo ndi umene unapatutsa a Kachindamoto, amene anakakhala ku Mtakataka, kusiya Gomani mwana wa Chikuse kumtunda kuno.

Agogo anga aakazi, amene anthu ankawaitana ndi chiwongo chawo kuti a Nangozo, anabadwira kufupi ndi Domwe n'kudzakwatiwa mbali ino. Sindinawamvepo akunena kuti anachokera kudziko lina. Ankangoti “kwathu kuseri kwa phiri.” Uthenga wa maliro ukabwera, ankamanga ufa m'kansalu, nkhuku m'khwapa, ndipo tinkanyamuka m'bandakucha kudzera m'tinjira ta m'minda. Kumeneko ndinkapeza amalume amene amawerenga ndalama m'Chipwitikizi koma nyimbo za ngoma n'zomwezi timaimba kuno, zishango n'zomwezi, kaponde ka phazi pansi n'komweko.

Gomani woyamba sanakhalitse pampando. Anakana msonkho wa nyumba umene azungu anakhazikitsa, ndipo sanafune kuti anthu ake azipita kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Ankhondo ake atathira nkhondo midzi ya kufupi ndi mishoni ya Dombole, boma la atsamunda linatumiza asilikali, ndipo mu October 1896 anamugwira n'kumuwombera. Akuluakulu kwathu amasimba kuti anakana kuyendetsedwa pansi ngati kapolo, nati ngati n'kufa afere pomwepo. Chikumbutso chake chili pa Nkolimbo m'boma lomwe lino la Ntcheu.

Kuyambira pamenepo anthu anaphunzira kugwiritsa ntchito mzere umene anawaikirawo. Okhometsa msonkho akafika mbali ino, amuna ankakagona kwa achibale patsidya. Apwitikizi akayamba kugwira anthu kuti akagwire ntchito yokakamiza, mabanja athunthu ankasamukira kuno, nyakwawa n'kuwapatsa malo omanga. Palibe mudzi wa m'mbali mwa msewuwu umene ulibe banja lobwera mwa njira imeneyo, ndipo ine ndimaona kuti aliyense wofuna kusiyanitsa “eni dziko” ndi “obwera” kwathu kuno ayambe wafunsa kumene agogo ake anabadwira.

Nkhani imene ndimafuna mwana aliyense wa ku Lizulu ataidziwa ndi ya 1953. Nthawi imeneyo Inkosi Gomani yachiwiri, a Philip Gomani, inali ndi likulu lake pa Lizulu pompano. Boma la atsamunda linali kukonza zophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya chimene anthu akuda sanachifune. Inkosi inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, aja okakamiza migula ndi mizere, amene alangizi ankalipiritsa nawo anthu chindapusa. Sikuti inkadana ndi kusamala nthaka. M'mbuyomo inali patsogolo kulimbikitsa ulimi wabwino. Koma inaona kuti pamene boma silimva mawu, liyenera kumva kukana. Boma linaichotsa pampando ndi kulamula kuti ichoke m'boma la Ntcheu. Apolisi atabwera kudzaitenga, anthu anatchinga, ndipo Inkosi, imene inali kudwala kale, inaolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wachingerezi Michael Scott amene ankathandiza olimbana ndi chitaganya. Apwitikizi sanaisunge, anaibweza m'manja mwa Angerezi. Scott anathamangitsidwa m'dziko muno, ndipo Inkosi inamwalira mu 1954 isanabwezeredwe ufumu wake. Chitaganya chinayamba mu 1953 momwemo n'kutha pa 31 December 1963.

Ndikaiganiza nkhaniyi, chimene chimandikhudza n'chakuti mfumuyo sinathawire kuchilendo. Inalowera kudziko la agogo ake, kumene kuli manda a makolo ake, koma kumeneko inapezako mzungu wina amene anaitenga ngati mlendo wopanda chilolezo. Tikamakamba za omenyera ufulu timatchula a John Chilembwe ndi 1915, timatchula 3 March 1959, ndipo n'zoyenera. Koma pakati pa zaka zimenezi pali munthu wodwala amene anataya ufumu pa Lizulu chifukwa chokana, ndipo dzina lake silimveka mokwanira.

Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, Mozambique pa 25 June 1975. Pasanapite nthawi, nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inabuka, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inafika ku Angónia. Apa ndiye ndikusimba zimene ndinaona ndekha ndili mwana wa ku pulayimale.

Chinayamba ndi mfuti zomveka patali usiku, agalu n'kumauwa mudzi wonse. Kenaka anthu anayamba kufika. Chaka cha 1986 ndiye anachita kukhamukira, chaka chomwe pulezidenti Samora Machel anabwera ku Blantyre pamodzi ndi a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe kudzakambirana ndi a Kamuzu Banda za nkhondoyo, n'kumwalira pa ngozi ya ndege mwezi wotsatira, pa 19 October. Ife ana za ndalezo sitinkazidziwa. Tinkangoona amayi atasenza mitolo, mphika uli pamwamba, mwana kumbuyo, wina akukoka mbuzi. Bambo wina anafika atasenza chitseko cha nyumba yake, poti ndicho chinali chinthu chamtengo chimene akanatha kunyamula. Amalume aja anafika usiku ndi ana awo, mapazi atatupa, ndipo amayi anga sanafunse kuti mukhala mpaka liti. Anangoyala mphasa kukhitchini, m'mawa mwake abambo n'kuwalozera pomanga kuseri kwa khola.

Kumadera ena monga ku Nsanje kunali misasa ikuluikulu, koma kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri anangolowa m'midzi ya abale awo. Mudzi wathu unakula mwadzidzidzi. Tinyumba taudzu tinadzaza mpaka m'mphepete mwa msewu, pachitsime pankakhala mzere kuyambira tambala woyamba, ndipo m'kalasi mwathu tinkakhala mothinana moti polemba unkatsamiritsa kope pamsana pa mnzako. Pa nthawi imene nkhondo inafika pachimake, Malawi anasunga othawa kwawo opitirira 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 anapeza kuti anthu onse m'dziko muno tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR ndi mabungwe ena ankagawa ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mchere, ndipo tsiku logawa linkasanduka msika, poti wolandira mafuta ankasinthanitsa ndi sopo kapena ndiwo zamasamba kwa ife.

Patsidya pa msewu panali zii. Sitolo zimene Apwitikizi anasiya zinali mabwinja, malata atasasulidwa, makoma ali ndi zipsera za zipolopolo, udzu utamera mpaka m'kati. Anthu ankaona minda yawo ali mbali ino koma osatha kukalima. Ena olimba mtima ankazemba m'mamawa kukakumba chinangwa kapena kukathyola chimanga chimene anasiya, ndipo si onse ankabwerako. Ife tinkaletsedwa ngakhale kutola mpira ukagwera kutali kutsidyako. Mitengo nayo inatha m'zaka zimenezo. Anthu ochuluka chotero ankafuna nkhuni ndi milimo tsiku lililonse, ndipo mapiri amene agogo ankati munali nkhalango anayera mbee. Sindinena izi modandaula za alendowo. Munthu sangadye ufa wosaphika. Koma zigwembe zimene zikudya minda yathu lero zinayamba nthawi imeneyo, ndipo ntchito yobwezeretsa mitengo sinafikepo pa mlingo wa zimene zinadulidwa.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, chaka cha chilala choopsa chimene tinadya chimanga chachikasu. Anthu sanadikire kuti awanyamule pa galimoto. Ambiri anangomanga katundu n'kuoloka msewu, poyamba abambo okha kukaona ngati kuli bata ndi kukalambula pabwinja, kenaka banja lonse. Choopsa chinali mabomba okwirira, amene anapitiriza kupundula anthu ndi ng'ombe nkhondo itatha. Dziko la Mozambique linadzalengeza kuti lathana nawo mu 2015. Pofika 1994, chaka chimene maiko onse awiri anachita zisankho za zipani zambiri, kuseri kwa khola lathu kunatsala zitunda za nyumba zogumuka ndi mitengo ya mapichesi imene amalume anadzala. Ena sanabwerere. Anali atakwatira, atabereka, ataika akufa awo kuno.

Msika umene mumauonawu unakula pambuyo pa mtendere umenewo. Tsiku la msika ngolo za ng'ombe zimayamba kulira matayala kusanache, zikuchokera m'kati mwa Angónia zitadzaza matumba a kachewere osokerera udzu pamwamba kuti alowe wambiri. Njinga zamoto zimanyamula matumba atatu, woyendetsa atakhalira pathanki. Mavenda a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba amafika ndi malole, ndipo kachewere wambiri amene amakazingidwa tchipisi m'matauni athu anadutsa pano. Amayi amaunjika tomato m'milu, wamkulu pansi, wowala pamwamba, ndipo ukagula bwino amakuikira basela. Kwacha ndi metikali zonse zimayenda, ndipo mtsikana wogulitsa anyezi amasintha ndalama ziwirizi m'mutu mofulumira kuposa wa kubanki. Chaka chimene kwacha yagwa, a patsidya amabwera kudzagula shuga ndi zovala kuno. Chaka cha njala kuno, monga 2002, ndife timaoloka ndi njinga kukasaka chimanga, ena kukagwira ganyu wolipidwa chakudya. Ndimakhulupirira kuti mabanja ambiri a ku Ntcheu anapulumuka chaka chimenecho chifukwa cha nkhokwe za ku Angónia.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa msikawu n'chakuti mlimi ndiye amapindula pang'ono. Kachewere sasungika nthawi yaitali popanda mosungira mwabwino, ndipo tomato akapsa sadikira. Venda amadziwa zimenezi, choncho amangoima pambali mpaka dzuwa lipendeke, mlimi n'kugulitsa pa mtengo wongotaya poopa kubwerera ndi katundu. Feteleza ndi mankhwala opopera zimakwera chaka ndi chaka. Anyamata ambiri amene ndinakula nawo anasiya madimba n'kupita ku Joni.

Chaka chilichonse Angoni a Maseko amasonkhana pa Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano, ndipo kumabwera mafumu a pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani monga a Njolomole, a Chakhumbira, a Mpando ndi a Kwataine, komanso Angoni a ku Mozambique ndi maiko ena. Mukamva khamu likufuula “Bayethe!” simungaloze kuti uyu ndi wa mbali iti. Ndimakondwa kuti mwambowu ulipo, koma tsiku limodzi pachaka silikwana. Ana a mbali ino amaphunzira mbiri ya Malawi m'Chingerezi, a mbali inayo amaphunzira ya Mozambique m'Chipwitikizi, ndipo mbiri ya chitunda chimene onse akukhalapo imagwera pakati. Mwana wa mchemwali wanga amatha kutchula mitsinje ya ku Ulaya koma sankadziwa kuti Domwe, phiri limene amalimva m'nyimbo za ngoma, ndi phiri lenileni limene angathe kukafikako pa njinga. Aphunzitsi a m'sukulu za m'malire akanapatsidwa mpata wotenga ana kukaima pamsewu nthawi ya mvula, kuwaonetsa kumene madzi akulowera, n'kuyambira pamenepo kuwafotokozera za 1891.

Nkhani ya malire sinathe. M'zaka zapitazi maboma awiriwa akhala akuyendera malire onse ndi kumanganso zipilala, ndipo m'madera ena anthu adzidzimuka kupeza kuti munda umene akhala akulima kuyambira kale uli m'dziko lina. Kwathu kumene msewu uli malire zinthu n'zoonekeratu, koma pali malo amene msewu umakhota kusiya mzere wa madzi, ndipo pamenepo chipilala chimatha kuima pakati pa munda. Malo nawo achepa mbali ino, moti mabanja ambiri amabwereka kapena kuchita lendi minda ku Mozambique, pangano lake la pakamwa, mboni zake nyakwawa ndi mkulu wa banja. Zikayenda bwino palibe amafunsa chiphaso. Zikavuta, wa ku Malawi alibe pepala lililonse loti angaonetse, ndipo khoti la mbali ino lilibe mphamvu pa nthaka ya mbali inayo.

Dimba la abambo anga aang'ono lili m'dambo la patsidya. Analipatsidwa ndi amalume aja pobwerera kwawo, ngati kuthokoza chifukwa cha zaka zimene anakhala kuseri kwa khola lathu. Amalumewo anamwalira, ndipo adzukulu awo, amene anabadwa nkhondo itatha, ayamba kufunsa kuti Amalawi akulima bwanji pa malo a agogo awo. Sindiwaimba mlandu, poti nawonso akuchulukana ndipo palibe anawafotokozera. Nyakwawa za mbali zonse ziwiri zagwirizana kuti nkhaniyi ikambidwe anthu akakolola, ndipo abambo aang'ono ayamba kale kuyendera okalamba amene analipo tsiku limene dimbalo linaperekedwa. Atsala ochepa, ndipo mmodzi mwa iwo sakumvanso bwino.